Ndinawerenga ndekha pepala londichotsa ntchito

Omvera anzanga, kuyambira chaka cha ufulu ndinali manija wa timu ya hoke, mpira womenya ndi ndodo, ya kampani ina ku Kabwata. Kampaniyo itagulitsa timu, mwini watsopano wa ku Kabulonga anandipatsa pepala la otsala pa ntchito kuti ndikawerengere osewera pabwalo.

Ndinawerenga mokondwa, aliyense akuwomba m'manja pomva dzina lake. Nditamaliza, wapagolo wathu anafunsa, "Nanga imwe, ba Manija?"

Ndinatembenuza pepalalo. Kuseri kunalibe kanthu. Bwana uja analephera ngakhale kundiuza yekha pamaso!

Osewera onse anawerama. Ndinawakalipira kuti atole ndodo zawo, popeza Loweruka kunali masewero.

Anapambana ndithu. Ndinamvera pa wailesi yomwe ino, kunyumba kwanga ku Chelstone, nditavala jekete la timu.