Makina a Achemwali Sanagulitsidwe

Malemu, amene kwa ine ndi achemwali koma ambiri a inu mumangowati Atelala, anabadwa pa 17 Ogasiti 1954. Anali oyamba m'banja la ana asanu, ndipo ine ndaima panone ndine mzime. Abale andituma kuti ndinene mbiri yawo, ndipo ndiinena monga ndinaionera ndi maso angawa.

Anayamba sukulu mu 1961 ndipo anamaliza pulayimale mu 1969. Sanapitirire chifukwa bambo athu anatisiya chaka chomwecho. Mu 1971 anakaphunzira zosoka kwa mayi wina amene anali ndi shopu kuseri kwa msika. Kabudula woyamba amene anasoka ndinavala ndine. Mwendo wina unali wautali, koma panalibe wolimba mtima kuti anene.

Mu 1976 anamanga banja ndi alamu anga ali apawa, amene nthawi imeneyo ankayendetsa basi. Mu 1980 anagula makina awoawo, opalasa ndi mapazi, n'kutsegula kachipinda ka zenera limodzi m'mbali mwa msewu. Makina amenewo ndi amene anaphunzitsa ana awo onse anayi, ndi ine ndemwe. Malemu sankasunga mawu kukhosi. Kasitomala wobwera ndi nsalu yosakwana ankamva zakezake, koma ankabwerabe chifukwa msoko wawo sunkamasuka.

Mu 2009 msana unayamba kuvuta. Ululu unkachokera m'chiuno n'kutsika ndi mwendo wamanja mpaka kuchidendene, mwendo wopalasira womwewo. Mapiritsi analephera, zosisita zinalephera. Atawajambula kuchipatala, adokotala anati mtsempha wapanikizika pakati pa mafupa a msana, ndipo pali jakisoni wobaya pamsana penipeni kuti mankhwala akafike pafupi ndi mtsemphawo. Sanabise kanthu. Anati jakisoniyo sachiza, amangoziziritsa ululu kwa miyezi ingapo kuti munthu athe kuyenda ndi kuchita mafizo, ndipo ena sawathandiza n'komwe. Anati shuga amatha kukwera, mutu umatha kupweteka koopsa, ndipo ngakhale sizichitikachitika, pamalopo pangathe kulowa tizilombo kapena mtsempha kuvulala. Ine ndinalipo, ndipo zonsezi ndinazimva ndekha. Malemu anangopempha kuti aione singanoyo. Ataiyang'ana ndi diso limodzi monga ankachitira ndi singano zawo, anati ndi yowongoka bwino, angowauza tsiku.

Kunyumba kunavuta. Alamu anakana kwamtuwagalu, amvekere pamsana sabayapo, anthu amapuwala nazo. Ana anagwirizana zoti makina agulitsidwe, mayi asamukire kwa mwana wawo wamkulu azikapuma. Zinali zachikondi, sindikutsutsa ayi. Koma malemu anayankha kuti wowachotsa pamakina ndiye kuti wawaika m'manda ali moyo, komanso msana ndi wawo. Tsiku lobaya ndinawaperekeza ndine. Anakhala m'mphepete mwa bedi atakumbatira pilo, msana ataupinda, osagwedezeka ngakhale pang'ono. Anamwino anati sanaonepo munthu wofatsa chotero. Ine ndinangoseka chamumtima, poti sankawadziwa kunyumba.

Jakisoni woyamba anayenda bwino, ndipo posakhalitsa makina anayambanso kulira. Patapita miyezi ululu unabwerera, monga adokotala ananenera, ndipo kumayambiriro kwa 2010 anakabayitsanso. Ulendo umenewu ndi umene unabwera ndi mutu. Akagona chagada unkaleka, akangodzuka unkawang'amba mpaka kusanza. Tsono telala amagwira ntchito atakhala tsonga, ndiye a m'banja anati basi, zimene tinkaopa zija zayambika. Wogula makina anapezeka, galimoto yokanyamulira inapezekanso.

Malemu anandiitanitsa ali chigonere. Anandiuza kuti za mutuwo anachenjezedwa kale, ndipo anaimbira foni anamwino, amene anawauza kuti agone, amwe madzi ambiri, koma ukapitirira kapena thupi likatentha athamangire kuchipatala. Anagwedeza zala zakumapazi kuti ndione ndekha kuti miyendo ikugwira. Kenako anandipatsa ntchito: kukakhala pamakinawo. Ndinapitadi, ine bambo wa ndevu zanga, n'kukakhala pamwamba pa thebulo la makina. Onyamula atafika ndinawauza kuti ngati akufuna anyamule ndi ine ndemwe. Nthawi imeneyo ndinali wonenepa kuposa lero, ndiye anangoyang'anana n'kubwerera. Pamene ine ndinkalondera kushopu, eni ake anali kunyumba akusoka mabatani ali chagada, diresi ya kasitomala ili m'mwamba.

Patapita masiku angapo mutu unaleka, ndipo analowa mushopu akuyenda okha, n'kundikalipira kuti ndakhalira nsalu ya eni. Sindinasangalalepo ndi kukalipiridwa ngati tsiku limenelo. Apa ndiwayamikire alamu pamaso pa nonsenu. Ataona kuti akazi awo aimirira, iwo ndi amene anakagula mota n'kuimangirira pamakina kuti mwendo upume, ndipo iwo ndi amene ankawaperekeza kumafizo osajomba.

Mu 2011 anabayitsa komaliza. Ululu sunatheretu, nyengo yozizira ankatsimphina, koma anasokabe zaka zina khumi ndi zinayi. Anthu oopa jakisoni wapamsana ankabwera kushopu kudzafunsa. Malemu sankanyengerera munthu. Ankafotokoza za mutu uja, ankafotokozanso za mnzawo wokonza nsapato amene jakisoniyo sanamuthandize, kenako n'kumuuza munthu kuti zotsalazo akafunse adokotala, osati telala.

Mu Meyi chaka chino anayamba kubanika ndi kutupa miyendo. Kuchipatala anapeza kuti ndi matenda a mtima. Ndinene momveka bwino, poti manong'onong'o tawamva: adokotala anatitsimikizira kuti matendawa sakukhudzana ndi jakisoni uja. Anagonekedwa kumapeto kwa Ogasiti, ndipo anatisiya pa 3 Seputembala 2025 ali ndi zaka 71. Mtima wanga ukuwawa, pakuti anali achemwali komanso mayi anga.

Malemu asiya amuna awo, ana anayi, zidzukulu khumi ndi chimodzi, ndi ife alongo awo awiri. M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawauza zoona kuyambira pachiyambi, ndi amene anawasamala masiku omaliza. Ndikuthokoza anansi, matelala anzawo amene atseka mashopu lero, amayi amene akutiphikira, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzatikhalira pano.

Ndisanakhale pansi, ndili ndi pempho limodzi. Aliyense amene wavala kapena ali nacho kunyumba chovala chimene malemu anasoka kuchokera chaka chija cha mutu, chonde aimirire. Musachite manyazi. Amayi a kwaya, imirirani. Ana a sukulu kumbuyoko, ndakuonani. Alamu, inunso dzukani, shati imeneyo ndaizindikira kolala yake.

Achemwali, tawaonani anthu anu, okhala pansi ndi owerengeka. Ntchito mwaimaliza nokha, pamakina anu. Mzimu wanu uuse mumtendere.