Sadini Zafika, Mkwati Wasowa

Nkhani iyi anandiuza ndi Dumakude Cele, nkhalamba yokoka ngolo ya alendo m'mbali mwa nyanja mumzinda wa Thekwini, tsiku lina tikugawana chakudya pamchenga. Akuti linali Loweruka la mwezi wa Juni, ndipo zilengezo izi zinkamveka pawailesi ya m'dera lawo kuyambira m'mawa mpaka masana. Ankanena motsanzira muulutsi yemwe, ine ndangolemba.

Mayi MaShezi, aja amagulitsa bani chawu, buledi wogoba wothiramo nyama ya tsabola, pokwerera mateksi ku Isipingo, akudziwitsa abale ndi abwenzi a ku Umlazi, ku KwaMashu ndi kumudzi ku Eshowe kuti mwana wawo mmodzi yekhayo, Nomcebo, akukwatiwa lero ndi Velaphi Mthiyane, woperekera zakudya pa hotela ina ya kugombe. Ukwati udalitsidwa masana ano ku tchalitchi cha abusa Khuzwayo ku Umlazi. Akuti nyama yapsa kale, wobwera atakhuta asawapatse moni. Chilengezochi chachokera kwa MaShezi, mayi a mkwatibwi.

Bambo Soobramoney, mwini khoka ku gombe la Isipingo, akudziwitsa aliyense wa manja awiri kuti nsomba za sadini zafika! Nyanja yada bii, mbalame zikugwera m'madzi ngati matalala. Khoka lalemera, okoka achepa. Bwerani ndi ndowa, mabeseni, matumba, ngakhale siketi imene mwavalayo. Alendo ojambula zithunzi, chonde lekani kuponda chingwe. Chilengezochi chachokera kwa Soobramoney ndi ana ake.

Mayi MaShezi akudziwitsa onse kuti mkwati wasowa. Ndi wamtali, wavala suti yotuwa ndi nsapato zosongoka. Ataona mbalame pamwamba pa nyanja anaimitsa galimoto la maluwa, n'kunena kuti, "Malume, ndingosuzumira chabe, ndikubwera." Womuona amuuze mawu awa: "Belu la tchalitchi likalira usanafike, Nomcebo abwerera kunyumba, ng'ombe zanu za malowolo mudzatenge. Sindinabereke mwana woti azilimbirana mwamuna ndi nsomba." Chilengezochi chachokera kwa MaShezi, amene ati tiwerenge kawiri.

Bambo Zwelonke Nxumalo, malume a mkwati, akudziwitsa banja la MaShezi kuti mnyamata wapezeka. Ali m'madzi olekeza m'chifuwa, suti ili m'thupi, nsapato zili m'khosi. Anatuma ankhoswe awiri kuti akamuvuule, koma nawonso agwira chingwe. Akupepesa kwambiri. Akuti, "Amayi, tikudziwa kuti simunamufune chiyambire, mumati ntchito yake n'kunyamula mbale za alendo. Koma onani mmene akukokera khoka! Chaka chatha sadini sizinabwere n'komwe, pomwe mkamwini wanu mudzamuona mpaka kutopa naye." Chilengezochi chachokera kwa Nxumalo, ali chinyowere.

Amayi amvano a pa tchalitchi cha ku Umlazi akudziwitsa oitanidwa onse kuti mipando yatsala yokha. Amene watenga ndowa zamaluwa ndi mphika wotsukira mbale abweze. Abusa Khuzwayo, ngati mukumva, munati mukupita kukawalangiza anthu kugombeko. Nanga beseni munatengeranji? Chilengezochi chachokera kwa amayi atatu amene atsala.

Mayi MaShezi akudziwitsa abale kuti belu aliza okha, popeza wolizayo palibe. Atalowa m'chipinda chodikiriramo mkwatibwi kuti atenge mwana wawo azipita, apeza nsapato zoyera zokha, zenera lili pululu. Nomcebo ndi wamfupi, wa kabyeza, wavala diresi la ukwati. Akuti, "Nomcebo mwanangu, ngati wathawa manyazi, manyaziwo ndi anga, ndine ndinakuwa pawailesi. Usachite chilichonse choipa. Za ng'ombe zija ndimangolankhula. Ingondiuza kumene uli." Womuona aimbe kuno msanga. Chilengezochi chachokera kwa MaShezi.

Nomcebo akudziwitsa amayi ake kuti ali moyo, ali ku gombe la Isipingo. Akuti anapita kuti akamukoke khutu Velaphi pamaso pa anthu. Atangofika, funde linamukhuthulira sadini pamapazi, ndipo sakudziwa mmene velo linachokera kumutu, koma ladzadza kale nsomba kangapo. Velaphi atamuona anasiya chingwe n'kugwada m'madzi, iye anamuuza kuti, "Dzuka, chitsiru iwe, khoka likubwerera!" Abusa alipo, ankhoswe alipo, oitanidwa onse alipo, pamodzi ndi alendo a ku hotela amene akuyesa kuti ukwati wa kuno umakhala chonchi. Akuti, "Amayi, abusa atsegula kale buku, koma ine sindivomera kanthu inu musanaime pambali panga. Mukakana, ndibwerera nanu kunyumba, ndipo sindidzakufunsani chifukwa." Chilengezochi chachokera kwa Nomcebo, mwana wanu.

Apa akuti muulutsi anaika nyimbo. Itatha, anawerenga ichi:

Mayi MaShezi akudziwitsa wa teksi aliyense wodutsa pa tchalitchi cha ku Umlazi kuti aime, pali mayi mmodzi ndi miphika ikuluikulu ya nyama. Abusa asatseke bukulo. Velaphi avale nsapato, mwana wanga sakwatiwa ndi munthu wopanda nsapato. Ndipo wina awasungire ndowa imodzi, yodzadza bwino. Chilengezochi chachokera kwa MaShezi, apongozi ake a Velaphi.

Dumakude amalumbira kuti zonsezi anazimva ndi makutu ake. Za mkwati ndi abusa ndikhoza kuvomera, poti ndinaonapo woweruza milandu akuthamangira kugombe atapinda buluku. Koma ine ndikukayika. Mzinda uwu ndakhalamo nthawi yaitali, ndipo sindikhulupirira kuti sadini zitafika, muulutsiyo akanatsala pampando n'kumawerenga zilengezo.