Ankati Nkhalamba Ikafa Palibe Chotayika

Abusa, akuluampingo, amayi ndi abambo, ndakupatsani moni nonsenu m'dzina la Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni. Mundilole ndiyankhule choimirira.

Ambiri mumangondidziwa kuti agogo aja okhala pafupi ndi chitseko. Ine kwathu ndi ku Ngauma. Ndinali ndi munda wa fodya, chigafa changa, mbuzi zanga. Ndinali munthu, abale, anthu ankadzagwira ganyu kwa ine. Tsiku limene anthu a mfuti anatentha mudzi wathu, anatenga mwana wanga wamwamuna kuti awasenzere katundu. Mpaka lero sindinamuonenso. Mkazi wanga anafera m'njira tikuthawa, tinangomufunditsa nthambi. Ndinafika kuno ku Cuamba ndi mpongozi wanga ndi adzukulu awiri, Rozita ndi mng'ono wake Lusiya.

Inu mukudziwa mmene zilili kuno. Kopita kukalima kulibe, ukangotuluka m'tawuni wapita kukaitana imfa. Ndiye ndinati ndifune ntchito, manja ndili nawo.

Ndinayambira ku nyumba ina yosungiramo katundu pafupi ndi njanji, kumene ankalemba anthu otsitsa matumba. Kapitawo wake anali msinkhu wa mwana wanga. Atandiona pamzere anati, "Agogo, mwasochera? Kumanda si kuno." Anyamata onse anaseka. Ine ndinati, "Bwana, mundiyese kaye." Iye anati, "Yasamulani." Abale, ndinayasamula. Anandiyang'ana mano ngati mbuzi ya pamsika, ine nditayasamula, chifukwa ana anali atagona ndi njala. Kenako anati, "Senzani thumba ilo mukafike nalo pachipata." Ndinasenza, ndinafika, ndinabwerera. "Bwerezani." Ndinabwereza. "Bwerezaninso." Ndinabwereza mpaka m'maso munachita mdima, koma thumba sindinagwetse. Nditatula, iye anawomba m'manja n'kunena kuti, "Mwaona, anyamata, sewero laulere? Dzipitani, agogo. Mukafera pano maliro ake akhala a ndani?"

Ndinapita kophika buledi, anati nkhalamba imatsokomolera mu ufa. Ndinapempha ulonda pa sitolo ina, anati safuna mlonda woti iwonso azimulondera. Palibe amene anandifunsa chimene ndimatha kuchita. Ankangoyang'ana m'mutu, basi, nkhani yatha.

Musandiseke, amayi, koma tsiku lina ndinapala mwaye, n'kusakaniza ndi timafuta, n'kudzola m'mutu kuti imvi zibisike. Ndinakaimanso pamzere kwa kapitawo yemwe uja. Dzuwa linawomba, thukuta linayamba, mwaye uja n'kumatsikira kumaso. Anandikoka n'kundiimika patsogolo pa anthu onse, akufuula kuti, "Bwerani mudzaone mnyamata akusungunuka!" Ndinabwerera kunyumba nkhope ili bii, ndikulira ngati mwana.

Nthawi imeneyo tinkadya gaga ndi masamba a chinangwa. Chikuku chitabwera, chinapeza Lusiya alibe mphamvu, chinamutenga. Pochokera kumanda mpongozi wanga, mwana waulemu amene sanandiyankhepo mwano, anandiuza kuti, "Bambo, anthu a mfuti aja akanatenga inuyo n'kusiya amuna anga, bwenzi mwana wanga ali moyo." Nanenso ndinkaganiza zomwezo. Ndinafunsa Mulungu kuti, mwandisungiranji ine, mwatengeranji kamwanako?

Kenako ndinamva kuti pali patarau wina, kapena kuti bwana, mwini malole, akufuna munthu wokwera pamwamba pa katundu mu koluna, mdipiti wa magalimoto uja woperekezedwa ndi asilikali popita ku Mandimba. Inu mukuudziwa msewu umenewo, mabomba okwirira ndi anthu obisalira m'tchire. Ambiri ankakana. Nditafika, patarau anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuseka. Anati, "Inuyo ndiye ndimakufunani. Mnyamata akafa abale ake amandivutitsa. Koma inu mukafa, palibe chotayika." Ndinati, "Zikomo, bwana." Ee, ndinathokoza! Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa ndinali woyenera kufa.

Woyendetsa lole yathu anali Che Saidi, Msilamu wa ku Mandimba, munthu wosayankhulayankhula. Tinayenda maulendo angapo bwinobwino, Rozita anayambanso kudya. Ulendo wina, dzuwa lili pamutu, tisanafike ku Mitande, galimoto ya patsogolo inaponda bomba. Phokoso lake sindingathe kulifotokoza. Mfuti zinayamba kulira mbali zonse. Ndinadumpha, ndinagwera mu udzu, mwendo uwu n'kupindika. Sindinathe kuthawa.

Anthu obisalira m'tchire aja anandipeza pomwepo. Mmodzi anandiloza mfuti pachifuwa, ndinatsinzina n'kutchula dzina la Yesu. Mnzake anati, "Usawononge chipolopolo pa nkhalamba, ifa yokha." Anandiponda m'nthiti, n'kundivula nsapato, n'kupita. Anyamata amene tinali nawo anawamanga chingwe chimodzi, anawasenzetsa matumba, analowa nawo m'tchire. Ndinawaona akupita, abale, monga anapitira mwana wanga. Ena mwa iwo amayi awo mwina ali muno. Pa chimenecho sindikuimba aleluya ayi. Mulungu yekha ndiye akudziwa.

Kutakhala zii, ndinamva munthu akubuula pansi pa lole. Anali Che Saidi, chipolopolo chitamulowa pantchafu, moto ukuyandikira matayala. Ndinakwawa, ndinamugwira m'khwapa n'kumukokera m'ngalande. Ndinang'amba malaya anga n'kumumanga. Iye ankapemphera mwa kwawo, ine mwa kwathu, mpaka asilikali ena anadzatitola.

Mukuganiza kuti patarau anandithokoza? Nditatuluka m'chipatala ndikutsimphina anati, "Nkhalamba yopunduka ndiitani? Pita." Ndinabwerera kukakhala pakhomo, ndikuona njala ikubweranso. Koma Che Saidi atachira anapita kwa patarau n'kumuuza kuti, "Popanda bambo aja ine sindiyendetsa lole yanu, funani wina." Oyendetsa olimba mtima pa msewu uja ndi osowa, ndiye patarau ananditumizira uthenga. Sanapepese, mpaka pano amanditchulabe nkhalamba. Koma tsopano sindikwera pamwamba pa katundu, ndimakhala kutsogolo pambali pa Che Saidi, ndipo mwezi ukatha ndimalandira ngati wina aliyense.

Nkhondo sinathe, abale. Mwana wanga sanabwere. Lusiya sadzauka mpaka tsiku lomaliza. Mawa lomweli koluna ikunyamuka, ine ndili momwemo, ndipo sindikudziwa za m'njira. Koma Mulungu amene anthu atanditaya Iye sananditaye, ndikumuthokoza. Anthu anandiwerengera kumanda, Iye anandiwerengera kwa amoyo.

Inu anzanga a imvi, musadzitemberere monga ndinachitira ine. Ndipo inu anyamata, mukadzakhala akapitawo, mudzakumbukire mawu anga a lero.

Rozita, imirira mwanawe, anthu akuone. Mwamuona? Ali moyo, wayamba sukulu. Amayi, ndithandizeni nthungululu, mawu anga atha. Kondwerani nane, abale, kondwerani nane, Yesu alemekezeke!