Tobin Akupuma

A Dencio, amene anakalambira pa chiwongolero cha jipini yonyamula anthu m'misewu ya Iloilo, analowa m'kasitolo ka zimbale ka Pacita ataumitsa kale khosi. Mnzawo Anacleto anali atawaseka pagulu, kumalo odyera msuzi wa batchoy, kuti filimu ya akauboyi imene amaikonda chiyambire unyamata wawo amaionera mu utsi, pomwe iye anagula chimbale chatsopano cha filimuyo, cha zithunzi zowala, cha 4K. Ndiye anabwera kudzatsimikiza okha kuti zonsezo n'zakuba basi.

"Inday, tandionetse chozizwitsa chija chapengetsa Anacleto," anatero, akumutcha Pacita Inday monga amatchulira mkazi aliyense wocheperapo kwa iwo.

Pacita, mayi amene chibadwire sanakumanepo ndi nthabwala n'kuizindikira, anatsitsa chimbalecho n'kuchipukuta ndi bulauzi yake. Iye amawatcha Manong, mawu aulemu kwa bambo wachikulire.

"Si chozizwitsa, Manong. Ndi chimbale."

"Wachita bwino kundiuza. Ine ndimayesa chitumbuwa."

"Ayi, sichidyedwa."

A Dencio anakankhira magalasi pamphuno n'kuwerenga chikuto. "4K. K ameneyu ndi kavalo? Kwatsala akavalo anayi basi?"

"Akavalo alimo onse, Manong. Sanachotsepo ndi mmodzi yemwe."

"Ha, Mulungu ndi wabwino. Awonjezerapo angati?"

"Sanawonjezere."

"Zipolopolo?"

"Zomwe zija."

"Nanga zigawenga zija, zinatembenuka mtima?"

"Ayi, zikadali zoipa. Kungoti tsopano mano awo akuoneka."

Anatembenuza chimbalecho, n'kuona mtengo wake, n'kuchibweza patebulo pang'onopang'ono ngati dzira la mwini.

"Mtengo uwu ndi wa chimbale chokha, kapena kavalo mmodzi ndipita naye kunyumba?"

"Akavalo sitigulitsa. Chilolezo chathu n'cha zimbale."

"Ndiye nditaye ndalama yogulira tayala kuti ndikaone mano a chigawenga?"

"Ndi thukuta lomwe. Ndevu mukhoza kuziwerenga imodziimodzi."

"Eyaa! N'chimene chimandisowa moyo wanga wonse chimenecho. Ndimangotembenuka pabedi tulo osabwera: kodi ndevu za mkulu uja n'zingati?"

Pacita anawayang'ana mwachisoni. "Mukanabwera kale, Manong. Kusagona n'koopsa pa msinkhu wanuwu."

A Dencio anavula chipewa, n'kudzipepesa nacho, n'kuvalanso.

"Komanso," anapitiriza Pacita, "chimafuna makina akeake, ndi TV yakeyake."

"Ndi nyumba yakeyake?"

"Nyumba iliyonse, bola mukhale magetsi."

"Mkazi wanga yemwe uja aloledwa kuonera nawo, kapena ndipeze watsopano wa 4K?"

"Manang Soledad ali bwinobwino. Musawasiye chifukwa cha chimbale."

Apa a Dencio anatsamira patebulo, mawu n'kutsika. "Funso limodzi lokha, ndizipita. Nanga Tobin?"

Tobin anali mng'ono wake wa mwini filimu, mnyamata wansangala amene amamuwombera pachitsime akutunga madzi a kavalo. A Dencio anamuona koyamba akufa iwo akadali mnyamata, mu holo ya kanema yodzadza ndi utsi wa fodya, ndipo anatuluka mmenemo atanyowetsa kolala ya malaya. Dzina lake analilemba ndi penti yofiira kutsogolo kwa jipini yawo. Chaka chilichonse pa tsiku lokumbukira akufa, akayatsa makandulo a makolo awo, amayatsanso kena kakang'ono pambali, a Soledad akupukusa mutu.

"Amafa," anatero Pacita.

"Momwe muja?"

"Momwe muja, koma mooneka bwino."

"Ndiye ndilipire kuti mwana uja afe bwino?"

"Kufa bwino ayi, Manong. Kuoneka bwino. Kufako amafa moipa ndithu. Dikirani ndikuikireni."

"Usavutike. Sindionera."

"Chabwino, ndionera ndekha."

Anaikadi. A Dencio anafulatira TV n'kuyamba kuwerenga kalendala ya pakhoma ngati muli nkhani. Koma atamva kulira kwa chingwe cha pachitsime, khosi louma lija linatembenuka lokha. Thambo linali lobiriwira kuposa mmene analisiyira. Fumbi limaoneka ngati likuwalowa m'mphuno. Mfuti inalira kamodzi, ndowa inagwa, Tobin n'kugwera chagada. Mkulu wake anafika akuthamanga, n'kugwada, n'kumutseka maso, n'kumuika chipewa pachifuwa.

"Imitsa!"

Pacita anaimitsa.

"Bweza pang'ono. Apo! Siya iyende." A Dencio anafika ndi mphuno pagalasi penipeni. "Chipewacho. Ukuchiona chipewacho?"

"N'chakuda."

"Chikukwera! Taona, chakwera, chatsika. Chakweranso! Inday, mwanayu akupuma!"

"Ee, wosewerayo analephera kudziletsa kupuma. Pa matepi akale sizinkaoneka."

"Wosewera uti? Ine ndikunena Tobin! Iii, waphethira! Waona? Waphethira!"

"Ndi ntchentche, Manong. Yamutera pachikope."

"Chiyambire liti munthu wakufa kusamala za ntchentche?"

Pacita analiganizira funsolo mofatsa, monga amachitira ndi funso lililonse. "Sasamala," anavomera.

"Ndiye?"

"Ndiye pamenepa ali moyo."

"Wanena wekha!"

"Koma kutsogoloku akumuika m'manda. Abusa alipo, nyimbo akuimba."

"Bokosilo amalitsegula?"

"Ayi."

"Iweyo unasuziramo?"

"Ndikanasuzira bwanji?"

"Basi khala chete. Muli miyala mmenemo. Mkulu wake uja si chitsiru, anamva mtima ukugunda pomuika chipewa chija. Anamubisa kuti zigawenga zisadzamumalize. Ha! Ndipo ine zaka zonsezi osadziwa!"

Anakhala pa katoni ya zimbale. Anavula magalasi n'kumapukuta maso ndi chipewa. Amaseka, koma misozi imangotsika, yomwe ija ya mu holo ya utsi, ngati inali kudikira pakhomo nthawi yonseyi.

"Makandulo onse aja," anatero. "Kuyatsira munthu wamoyo!"

"Sanawonongeke, Manong. Anayaka."

"Soledad akamva andiseka mpaka Khirisimasi."

"Mukhoza osawauza."

"Osawauza? Ndikamuuza ndisanavule nsapato! Kulunga chimbalecho."

"Koma makina ake mulibe."

"Ndikaonera kwa Anacleto."

"Iwo ali nacho kale chawo."

"Chawo n'chawo. Chitsiru chija chaonera mlungu wonse, chikuwerenga ndevu, osaona kuti munthu akupuma. Ndipita ndi changa, ndikachigwire khutu, ndikachionetse."

Pacita anakulunga chimbalecho mu pepala, n'kumata bwinobwino ngodya zonse. A Dencio analipira osayang'ananso mtengo, n'kuchilowetsa m'malaya pafupi ndi mtima. Atafika pakhomo anaima, n'kucheuka.

"Inday, chilipo china chowala kuposa ichi?"

"Panopa ayi. Ena amati mwina kudzabwera cha 8K."

"Chikangofika undisungire, usagulitse kwa wina aliyense."

"Filimuyo idzakhala yomweyi, Manong. Sasinthamo kanthu."

"Iwe, usandiphunzitse. Pa tepi anafa, apa wapuma. Pamenepo adzuka ameneyu."