Matayala a Kutsogolo a Kathirakitala

Mu Januwale 2004, pamzere wa m'sitolo ya matayala ku South Bend, tawuni yozizira ya kutsidya kwa nyanja, Chawezi anakumbatira katayala kakale akudandaula yekha m'Chichewa. Bambo wina kumbuyo kwake anaseka.

“Pepani mayi, ndamva chilankhulo chakwathu. Chavuta n'chiyani ndi katayalako?”

“Ayi bambo, mwabwera bwino! N'ka kutsogolo kwa kathirakitala kokankhira chipale chofewa chimene chimagwa nyengo yozizira ino. Ndikakhotetsa chiwongolero, iko kakungoterereka kupita kwina. Dzulo ndagwetsa bokosi la makalata. Ndimati ndigule akuluakulu awo.”

“Musatero. Otambalala amangoyandama pamwamba. Tengani owonda awa, a mizere itatu yozungulira. Amaluma pansi, ndipo kamapita komwe mwaloza.”

“Nanga matcheni okulunga matayala aja?”

“Amenewo n'akumbuyo. Koma mayi, amuna anu ali kuti kuti muzivutika nokha?”

“Ali ku Indianapolis kusukulu. Kathirakitalako n'ka agogo achizungu oyandikana nafe. Zaka zinayi akhala akutichotsera chipale pakhomo kuti ndisachedwe ku ntchito kuchipatala, osalandira ngakhale mandasi. Mwezi watha anadwala sitiroko. Galimoto yowatenga kukalimbitsa miyendo imafika Lolemba, ndipo siingalowe njira itatsekeka.”

“Ndiye mwati muchotse ndinu.”

“Ndikanangowayang'ana? Munthu wandisunga ngati mwana wake.”

“Mukatere: mukamanga matayalawo, yendani pang'onopang'ono, chipale muzikankhira mbali imodzi.”

“Zikomo kwambiri, bambo, Mulungu akudalitseni. Akandifunsa agogowo kuti wandiphunzitsa ndani, nditchule dzina lanji?”

“Musatchule aliyense. Asiyeni aziganiza kuti Amalawi tonse timabadwa tikudziwa chipale.”