Injini Yolira Ngati Yakale

Pamsika wa sipeya za galimoto mumzinda wa Niš, Radovan ankayang'ana injini zakale za dizilo pamene bambo wina wosamudziwa anamuyankhula.

"Tengani yatsopanoyo, achimwene. Ili ndi mphamvu."

"Ayi, akulu. Ndikufuna yolira chimodzimodzi ndi imene inali m'vani ya bambo anga."

"Chifukwa chiyani?"

"Maso awo saonanso, koma kulira kwake amakudziwa. Iwo anayenda nayo zaka makumi atatu. Ine ndaipha m'miyezi isanu yokha, kuiwala kuthira oyilo."

"Ndiye simunawauze?"

Radovan anayang'ana pansi. "Ndinawanamiza kuti galimotoyo ndinakaisiya kwa openta."

"Anakhulupirira?"

"Anangoti, 'Opentawo ukawauze aikemonso injini ina, mwanangu.'"