Andimanga Zaka Faivi

Harriet anapeza atate ake, a Luckson, akudzutsa mpanda umene njovu zinagwetsa. M'manja Harriet anali ndi fomu ya bungwe lofuna kumulipirira sukulu ya udokotala, yongodikira siginecha ya kholo. Mtsikanayu nzeru ali nazo, koma kufotokoza zinthu kunamupita pambali.

"Atate, sainani apa. Galimoto ya ku Mambwe inyamuka fotini awazi, ndipo lero ndi lomaliza."

"Akuti chiyani?"

"Akuti ndikamaliza andimanga zaka faivi."

A Luckson anaika chikwanje pansi. "Walakwa chiyani?"

"Sindinalakwe. Ndinakhoza masabujekiti onse."

"Manje masiku ano akumanga okhoza?"

"Okhoza okhaokha. Tinalipo handiredi, atenga atatu."

"Enawo anathawa?"

"Anabwerera akulira."

"Sindisaina."

"Atate, ndi bondi chabe. Chakudya apereka, pogona apereka, ngakhale yunifolomu."

"Amalume ako Paskale anapatsidwa zonsezo atagwidwa ndi nyama ya mbawala. Uwafunse ngati ananenepa."

"Koma ine azikandiphunzitsa ntchito."

"Nawonso anaphunzira ukalipentala. Iwe yako ndi yotani?"

"Kung'amba anthu. Tiyambira pa akufa."

A Luckson anayang'ana kumsewu ngati wina wamva, nakhala pa chitsa. "Mwana wa mu kwaya iwe. Ukathawa?"

Harriet anatsata mzere ndi chala. "Akuti abwera kwa amene wasaina."

"Ehe. Ndiye ufuna tikagone tonse kumeneko. Sindisaina, ngakhale abwere abusa."

Misozi inalengeza m'maso mwa Harriet, pakuti mwayiwu anaudikira zaka ziwiri. "Nanga pakiliniki pathupa adzagwira ndani? Anthu azingopalasa njinga ndi odwala mpaka liti?"

"Pakiliniki pati?"

"Pano pa Malama. Ndi pamene adzandimangire. Zaka faivi osachoka, kuchiritsa anthu a kuno."

A Luckson anakanda chibwano. "Nanga amene sanamangidwe amapita kuti?"

"Ku Lusaka. Ena kunja."

"Ngati mwana wa a Langford uja, amene amangotumiza mafoto?"

"Ngati yemweyo."

Mkuluyo anapukuta manja pa buluku, nalanda bolopeni. Anaiyang'ana fomuyo mozondotsa, nkhope ili gwa ngati akugula ng'ombe.

"Faivi chabe? Anthuwa sadziwa kumanga. Ndionetse polemba twente."